Pofiira pa Mapu Ako

Kaphuka, Dedza

Esinati mwana wanga,

Ndakhala pakhonde kudzuwa, poti m'nyumba simukukhalika ndi chisanu cha Juni uno, ndipo ndikulemba iwe uli ku Kabwazi kumene wapita kukatsanzika anzako a kwaya. Ukabwera uipeza kalatayi pamwamba pa sutikesi yako. Usaiponye m'chikwama ati ndikawerengera m'ndege. Uiwerenge lero lomwe, dzuwa lisanalowe, chifukwa muli chinthu chimene ndikukupempha, ndipo chinthucho sichingachitike uli kutsidya kwa nyanja.

Mwina ukudabwa kuti mayi wako akukulembera kalata pamene mukugona nyumba imodzi. Usadabwe. Iwe ndi ine tikayamba kulankhula, mawu oyamba amakhala abwino, tisanafike patali moto wabuka. Pakamwa panga ndimapadziwa, ndipo pakopo unatengera pomwepa. Pepala lokha ndi limene silindiyankha ndisanamalize.

Mawa ukukwera ndege kupita ku maphunziro, ndipo ndikunyadira, wina asakunamize. Azimayi a kumphakati akandifunsa kuti kodi mwana wanu amagwira ntchito yanji ku Lilongwe, ndimati amapenta dziko. Amaseka, koma nanga ndinene chiyani? Momwe ndinamvera ine, umatenga manambala a odwala ochokera m'zipatala n'kuwapatsa kompyuta, iyo n'kupaka mapu a dziko lathu mitundu: pamene matenda achuluka pafiire, pamene achepako pakhale chikasu, pamene ali apo ndi apo pabiriwire. Tsopano akuti ukaphunzira kuika mapu otere pa intaneti, kuti munthu ali kwawo kutali angotsegula kompyuta yake, n'kuthiramo manambala, n'kuona Dedza yense atafiira kapena atabiriwira. Zimenezo ndi zazikulu, ine sindingakuphunzitse. Koma ndili nazo zanga zimene ndinaphunzira pa mapu ako omwewo, ndipo ndinaziphunzira mowawa.

Ndiyambe ndi chimene chandikhazika pansi. Chaka chatha tinaika mlongo wako Gelevazio, ndipo pa maliro ake abale tonse tinameta, kupatula iwe. Kwathu kuno munthu amene sanamete ndiye kuti maliro sanamuthere, akadali nawo kumutu. Sindikufuna uwoloke nyanja utasenza maliro. Zina zonse zimene ndilembe pansipa ukafuna uzitaye, koma ichi chokha uchigwire mpaka kumapeto kwa kalata.

Ukukumbukira Khirisimasi ija unabwera ndi mapu ako oyamba, osindikiza pa pepala lalikulu, Gelevazio akadali moyo? Unawayala pamphasa, tonse n'kuunjikana. Unati akuonetsa matenda atsopanowa. Msewu wa tala unali utafiira kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, pamene kuno ku Kaphuka kunali chikasu. Amalume ako a Sitefano anangoona chikasucho n'kudzuka ngati akhalira linthumbu. "Iwe mwana, ndani wakuuza kuti ife kuno tinavotera anthu amenewa? Mudzi uno wachikasu? Ukufuna atiotchere nkhokwe?" Unayesa kufotokoza kuti si za chipani, koma iwo anali atatenga kale chipewa chawo. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuseka kumeneko kunali kupusa, chifukwa sabata isanathe nkhani inali itafika ku chigayo yoti mwana wa Nambewe akulembera boma latsopano midzi. Masiku amenewo zipani zambiri zinali zikadali zotentha, kuvala nsalu ya mtundu wolakwika pamsika kunali kuputa ndewu. Ena anasiya kutipatsa moni mpaka chimanga chitacha. Choncho mwana wanga, kumene ukupitako, usanapake mtundu pamalo uyambe wafunsa eni ake kuti mtunduwo umawauza chiyani. Kompyuta sidziwa kuti chikasu chinadanitsapo anthu a mimba imodzi.

Kulakwa kwina kunali kwanga ndekha, pa pepala lomwelo. Kuseri kwa mapiri, kumene mng'ono wanga Agnesi anapita ku chitengwa, mapu anali oyera mbee, opanda mtundu uliwonse. Sindinakufunse. Ndinangoti choyera ndiye chabwino. Nditapita kukamuona ndinamuuza ndi mtima wonse kuti, "Mng'ono wanga, gona tulo, kwanu kuno matenda aja kulibe, kompyuta ya Esinati yanena." Iye anakauza anzake kudambo, anzakewo anauza amuna awo, ndipo amuna ukuwadziwa, nkhani yotere amaimva bwino kuposa ulaliki wa ansembe. Patapita nthawi ndi pamene unandiuza kuti kuyerako kunkatanthauza kuti kumeneko sikunachokere manambala, poti chipatala chili kutali ndipo anthu amafera m'nyumba osalembedwa paliponse. Pamene ndinkamva zimenezo n'kuti Agnesi akungokhalira kuphika m'maliro. Safunsa anadya phula, ndipo phula langali ndinadyetsako ndi anzanga. Ndiye ndikukupempha, pamene sukudziwa uzilembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti pano sitikudziwa. Usasiye poyera. Pa intaneti yakoyo padzabwera anthu ambiri onga ine, oona ndi maso n'kuthamanga kukauza anzawo, ndipo iwe sudzakhalapo kuti uwakoke nsalu.

Tsopano za Gelevazio. Pa pepala lija ndinaona ndi maso angawa kuti pa Chimbiya pafiira psuu, ndipo ndinkadziwa kuti mwana wanga amagona pamenepo, akukweza matumba a mbatatesi m'malole ndi kuitanira anthu minibasi. Ndinaona, ndinayang'ana kumbali. Akabwera kuno Lamulungu ankavala juzi, pamwamba jekete, pamwamba pakenso jekete ina, ndi chipewa chaubweya. Koma kuno ku Dedza ndani amadabwa ndi munthu wovala majekete awiri? Tonse timayenda ngati matumba. Ndinkamuseka kuti, "Iwe, wasanduka wa ku Nsanje kodi, kuopa kachisanu kotere?" Iye n'kuseka, n'kutsokomola, n'kunena kuti, "Amayi, kumsewu kumawomba mphepo yoipa." Chisanu chinatha, linabwera dzuwa la Okutobala, majekete sanachoke. Tsiku limene ndinamuvula ndekha kuti ndimusambitse ndinapeza mafupa okhaokha, mwana amene ali khanda ankandithyola msana ndi kulemera.

Ine ndine mlimi wa mbatatesi, ndinayenera kudziwa. Munda ukauyang'ana uli pakhomo umaoneka wobiriwira bwino, pamene chiwawu chayamba kale kunsi kwa masamba. Amene amapulumutsa munda ndi amene amalowa m'mizere mame asanaume n'kumatembenuza tsamba. Mwana wanga ndinamuyang'anira pakhomo. Iwe ntchito yako ndi yoyang'ana dziko lonse uli pamwamba, ndipo sindikuinyoza, poti ukanapanda kutero sitikanadziwa kuti msewu wafiira. Koma uzitsika. Ukakhala ndi mnzako kumeneko, kaya mwamuna amene udzamupeze, kaya mwana amene Mulungu adzakupatse, usakhutire ndi "ndili bwino" wa pakhomo. Uzimugwira pamkono, umve ngati m'jeketemo mukadali munthu.

Za tsiku lometa ukuzidziwa, koma ndikufuna uzimve momwe ndinazionera ine. Kutacha, titaika maliro dzulo lake, abale tinasonkhana kuseri kwa nyumba, amalume ako atagwira lezala, anthu akubwera mmodzimmodzi kudzagwada kuti awamete, monga timachitira chiyambire makolo. Kufikira nthawi imeneyo palibe amene anali atatchula chimene chinapha Gelevazio. Pa mwambo wa maliro anangoti anadwala nthawi yaitali. Ena ankanong'ona za anzake a pamsika amene ankamuchitira nsanje, ndipo ine nkhani ya nsanjeyo ndinkaikonda chifukwa inkandifunditsa. Ndiye iwe unaimirira, pamaso pa akuchikazi a malemu, pamaso pa akumpingo, n'kunena kuti, "Amalume, pepani, lezala limodzi musametere anthu onsewa. Matenda amene atenga achimwene amayenda m'magazi, ndipo pano sitikudziwa amene ali nawo." Mlamu wako, mkazi wa malemu, anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira kwina, kosiyana ndi kwa dzulo lake.

Ndinamva ngati wandivula pamsika. Ndinakuuza mawu amene ukuwakumbukira, oti ndinali ndi ana awiri, dzulo ndaika mmodzi, lero ndataya winayo, nyamuka uzipita kwa makompyuta ako. Kenaka ndinakagwada patsogolo pa amalume ako n'kunena mokweza kuti aliyense amve, "Ndimeteni ndi lomwelo." Anandimeta. Iwe unatenga kachikwama kako n'kutsetsereka wapansi kupita kumsewu, osacheuka.

Sindikuuza kuti unalankhula bwino, chifukwa sunalankhule bwino. Ukanawakokera amalume ako pambali. Ukanandinong'oneza ine. Ukanaganizako za mlamu wako, amene anayenera kumakumanabe ndi anthu omwewo ku chigayo iwe uli ku Lilongwe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo kumene ukupitako udzakhala mlendo wokhala ndi pakamwa pa mayi wako, ndiye upasamale. Mapu akonso amalankhula mokweza ngati mwini wake. Ukafiiritsa malo, uzikumbukira kuti pali anthu amene ayenera kudzuka mawa n'kukagulitsa kabichi pamalo omwewo, ndi atsikana a pamenepo amene akufuna kukwatiwa. Sindikuti uziname, ayi, ndaona kale kumene bodza limatifikitsa. Ndikungoti uzidziwa amene ukumuvula, ndipo uzikhala ndi nsalu yoti umufunditse.

Koma pali chimene sunamve, poti palibe wakuuza. Maliro otsatira m'mudzi muno anali a mwana wa msuweni wanga. Tsiku lometa amalume ako anafika ndi kapaketi ka malezala m'thumba la jekete, aliyense lake, osanena kanthu. Pa maliro enawo azimayi anabwera atamangirira lawolawo kunsonga ya chitenje. Lero ndi mmene timachitira, ngati kuti tinayamba kalekale. Palibe amene anaimirirapo n'kunena kuti Esinati ananena zoona. Anthu a kuno angalole kudya mbatatesi yaiwisi kusiyana ndi kuvomera kuti mwana wamkazi anawaongola. Ine ndine mmodzi wa iwo, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikutafuna yaiwisiyo.

Pamene ndinabwera ku Lilongwe kudzapimitsa maso, unanditengera ku ofesi kwako, tikulankhulana ngati anthu ongokumana pa depoti. Unandikhazika patsogolo pa kompyuta. Kanali koyamba kuona mapu ako akuyenda, osati a papepala: ukakankha kanthu kaja konga sopo, kamuvi kamayenda pagalasi, ukadina malo amakula, ukadinanso zaka zimasintha, kufiira kukutuluka mu msewu n'kumakwera m'midzi. Ndinaona Kaphuka wathu, amene amalume ako ankakwiyira chikasu chake, salinso wachikasu. Ndiye ndinakufunsa, ndipo ndinafunsa dala kuti ndikubaye, "Nanga Gelevazio ali pati pamenepa?" Unati, "Amayi, pano munthu mmodzi saoneka. Achimwene ali m'kati mwa kufiiraku." Ndinanyamuka ndi mkwiyo, mumtima ndikuti mwana uyu wauma, mlongo wake wamusandutsa utoto.

Ndili m'basi pobwerera, titadutsa Nathenje, ndi pamene maso anga anandikumbutsa chimene anaona. Nthawi yonse imene tinkalankhula, kamuvi kaja kanali pa Chimbiya, sikanachokepo, ndipo kankanjenjemera. Kamuvi sikanjenjemera kokha, Esinati. Ndinalira m'basimo mpaka mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anandipatsa nthochi, osafunsa kanthu.

Ndipo dzulo, ukutsuka m'mutu kuseri kwa bafa, ndinaona tsitsi lako. Iwe amene unkadula tsitsi ngati mnyamata chiyambire ku sekondale, ati kuluka kumataya nthawi, lero lakula, lapotana, ukungolibisa m'duku. Usandiuze kuti ndi fasho ya ku Lilongwe. Ndinakubala ine. Sunalikhudze ndi sizasi chichokere pa maliro paja, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa ngakhale maphunziro ako sangakulole kuchitchula. Ndinakuthamangitsa usanamalize kulira mlongo wako, ndiye wakhala ukumulira wekha pagalasi lija, ukumupaka utoto pamodzi ndi ana a anzathu. Zimenezi zikundipweteka kuposa mawu aja unanena pa maliro.

Malangizo ena ndi omwe aja amayi onse amanena, ndipo ukuwadziwa. Upeze tchalitchi kumeneko, ngakhale aziimba mopanda ng'oma. Usadye choimirira patsogolo pa kompyuta, ndinakuona ukuchita zimenezo. Amuna a kumeneko sindikuwadziwa, koma za matendawa iwe ndiye mphunzitsi wanga, ndingokukumbutsa kuti odziwa nawonso timawaika. Akuti chisanu cha kumeneko chimaposa cha kuno, zimene sindikhulupirira mpaka undiuze wekha. Uzivala zofunda. Koma ukamatitumizira chithunzi, uvule jekete, uime padzuwa, ndikuone mikono.

Chinanso. Tsiku lina udzaimirira patsogolo pa anthu ophunzira, mapu a dziko lathu ali pakhoma, iwo akugwedeza mitu n'kumati apa pafiira kwambiri, apa pachepa. Adzakuyamikira kuti mitundu yakhala bwino. Usanayambe kufotokoza, utchule dzina limodzi, ngakhale mumtima mokha. Unanena zoona kuti pagalasi paja munthu mmodzi saoneka, ndipo ndavomera kuti ndi mmene ntchitoyo ilili, poti akanati aliyense azioneka bwenzi mapu asakuwerengeka. Koma wina ayenera kudziwa kuti m'kufiirako muli mnyamata amene ankaimba mluzu potsetsereka phiri ndi njinga, amene anakuperekeza ku koleji atasenza katundu wako, akuuza aliyense m'minibasi kuti uyu ndi mlongo wanga, mutu wake ndi wina. Mwa onse amene adzakhale m'chipindamo, wodziwa zimenezo udzakhala iwe wekha.

Tsopano ndilembe chimene ndinakana kumva tsiku lija. Gelevazio mwana wanga anamwalira ndi Edzi. Palibe amene anamulodza. Ndalemba, ndawerenganso, ndipo denga silinagwe, nkhuku zikungopalasa pabwalo monga kale. Ndikanatha kutchula dzina limeneli majekete aja asanafike pawiri, sindikudziwa ngati chikanasintha kanthu, poti mankhwala ake kuno kulibe. Koma mwina akanafa akudziwa kuti mayi wake sakumuchitira manyazi. Ankandiyang'ana ndikamamusambitsa, ngati akufuna kunena kanthu, ine n'kumamuuza za mtengo wa feteleza.

Masiku apitawa ndinatsikira pa Chimbiya, m'sitolo ya a Jafali, Msilamu uja ankakonda kucheza ndi Gelevazio, ndipo ndinagula lezala limodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kwagwanso zovuta, mayi?" Ndinati, "Ayi, ndi zakale zomwe zija, sizinathe." Sanafunsenso. Amalume ako ndawauza. Anakanda bondo, kenaka anati, "Mwanayo ndi wanu achemwali, mumumete nokha, ine manja akunjenjemera masiku ano." Manja awo ali bwinobwino, dzana ankasema mpini, koma tiwasiye. Usaope kuti ndikumeta mpala, ukatsike ndege ngati wothawa kundende. Ndi pang'ono pamphumi ndi pang'ono kunkhongo, monga ambiri akuchitira masiku ano.

Mawa m'mawa, usanavale zapaulendo, ndidzakhala kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe paja, ndi beseni la madzi ofunda. Ukapanda kubwera sindidzakuletsa ulendo. Ndidzakusenzera sutikesi mpaka kumsewu, ndidzakudalitsa, ndipo sudzamva mawu oipa kuchokera kwa ine, ngakhale pakamwa pangapa payabwe bwanji. Koma ukabwera, udzagwade, ndikumete, timulire limodzi mlongo wako monga tinayenera kuchitira tsiku lija. Mawu aja oti ndataya mwana wachiwiri ndikufuna ndiwameze iwe uli pafupi, dzanja langa lili pamutu pako, chifukwa sindikudziwa ngati pobwerera udzandipeza.

Lezalalo ndaliika m'envulopu momwemu. Likadali m'pepala lake, silinakhudzepo mutu wa munthu. Ulitsegule wekha, uliyang'ane bwinobwino monga umachitira zinthu zako, ndipo ukakhutira undipatse.

Ndine mayi wako,
Nambewe